Kachala Kokhota ka Agogo a Kiem

A Kiem a kwa Doan anakonza mawotchi moyo wawo wonse, pakona pa msewu wopita kumsika wa nsalu mu tauni ya Nam Dinh, pa kathebulo kakang'ono koti akakhalapo mawondo ankatulukira mbali zonse. Anali mmisiri weniweni, zimenezo palibe angatsutse. Wotchi ikafa ankaitsegula kumsana, n'kutsomeka kagalasi kawo kokuzira zinthu pa diso lakumanja, n'kuyamba kuikalipira mpaka idzuke. Koma dzikoli lilibe chisoni. Anthu anayamba kuona nthawi pa foni, ndipo a Kiem anapezeka akungokhala tsiku lonse pakona paja, kuingitsa ntchentche ndi kulondolera njira anthu osochera. Atatopa nazo ananyamula kathebulo kaja n'kubwerera kunyumba, kagalasi kali m'thumba la malaya.

Tsono diso lozolowera kusuzumira silidziwa kupuma. Anayamba ndi mpunga wa akazi awo, mayi Lua, n'kupezamo tizilombo timene banja lonse linkadya mwamtendere kwa zaka zambiri. Anasuzumira m'khutu la mphaka. Mayi Lua atalumbira kuti kagalasiko kathera mu mphika wa msuzi, a Kiem anathawira pa guwa la makolo n'kukasuzumira chithunzi cha agogo awo. Matenda anayambira pamenepo.

Chithunzichi chinali chuma chokhacho cha banja la Doan. Buku la mayina a makolo linapita ndi madzi osefukira a Kiem asanabadwe, ndipo bambo awo anali munthu wosakamba zakale. Ukawafunsa za agogo ankangoti, “Anali munthu,” n'kupitiriza kusuta. Choncho chotsala chinali mkulu wa m'felemu uja basi, atakhala tsonga pa mpando wosema, atavala mkanjo wa silika wa kolala yofika m'chibwano, pambali pake kathebulo, pakathebulopo tipoti ya maluwa. M'mawa uliwonse a Kiem ankayatsa timitengo ta lubani patsogolo pake n'kuwerama, monga amachitira aliyense woleredwa bwino. Pajatu makolo a pa guwa sitiwayang'ana m'maso ngati tikutsatsana nawo malonda. Umawerama, n'kunena zako, n'kuchokapo.

Koma kagalasi kalibe mwambo. Kanaona kuti mlomo wa tipoti ndi wobenthuka pang'ono. Kanatsika ndi mkono wa mkanjo mpaka pa bondo pamene panali dzanja lamanzere, n'kuima pomwepo. Kachala kakumapeto kanali kokhota ngati mbedza. A Kiem anatembenuza dzanja lawo lamanzere. Kachala kawo nako kanali kokhota.

“Mayi a Mien! Thamangani!”

Mayi Lua anatulukira ndi chipande m'manja, akuganiza kuti nyumba ikupsa.

“Taonani magazi awa! Chala cha agogo, chala changa. Chimodzimodzi!”

“Bambo a Mien, chala chanucho chinapanidwa ndi chitseko cha basi chaka chomwe tinakwatirana. Ndinalipo ine. Munalira mpaka kondakitala anakupatsani nthochi.”

“Chitseko chinangochikumbutsa komwe chinachokera,” anatero a Kiem. Mayi Lua anabwerera kukhitchini akupukusa mutu, poti munthu akafika poyankha chonchi ndiye kuti wapita.

Kuyambira pamenepo a Kiem anakhala katswiri wa zakale. Anthu ankabwera ndi zitini za mabisiketi zodzaza zithunzi zofwifwa, za maukwati, za asilikali, za makanda ogona chafufumimba pa mkeka, kudzafunsa kuti kodi uyu ndi ndani. A Kiem sankabweza munthu wopanda yankho. Ankayeza makutu, ankawerenga mabatani, ankanunkhiza ngakhale pepala. Nthawi zina ankalondola, tisawanamizire. Anapezera mayi wina mchemwali wa agogo ake ku mzinda wa Hai Phong chifukwa cha chikwangwani cha sitolo chimene chinkaoneka theka kumbuyo kwa anthu, ndipo mayiyo anawabweretsera bakha wamoyo. Koma nthawi zinanso ankaphonya mochititsa manyazi. Anauza mphunzitsi wina wopuma ntchito kuti kamtsikana konenepa ka pa chithunzi ndi azakhali ake amene anamwalira ali aang'ono, mkuluyo n'kuyamba kukaikira maswiti pa guwa, mpaka mayi ake okalamba anamuuza kuti kamtsikanako ndi iye mwini, anangomuveka diresi la mlongo wake chifukwa kabudula anali atanyowetsa.

Za agogo awo a Kiem anazimaliza okha. Munthu wa mkanjo wa silika ndi tipoti ya maluwa sangakhale mlimi wamba. Ndiye kuti anali mlembi wa bwanamkubwa. Pofika chaka chotsatira anali mlangizi wa bwanamkubwayo, ndipo a Kiem akamwa kachasu wa mpunga, bwanamkubwa sankatsokomola n'komwe asanafunse agogo. Anatenga choko n'kujambula mtengo wa mtundu wa Doan pa khoma la pabalaza. Unali mtengo womvetsa chisoni: agogo pamwamba, bambo awo, iwo, ndi kanthambi kamodzi pansi kolembedwa kuti Mien.

Mien anali mwana wawo yekhayo, ndipo a Kiem ankamukonda mwana ameneyu kuposa mawotchi, makolo ndi bwanamkubwa kuphatikiza pamodzi. Ankagwira ntchito pa sitolo ya mankhwala. Anali atadutsa zaka makumi atatu asanakwatiwe, moti azakhali ake anali atasiya kumufunsa n'kuyamba kungomuusira moyo akamuona. Amuna ankabwera, iye n'kumawabweza mwaulemu. Kenako kunabwera Tuyen wa kwa Lai, wokonza mafiriji, mnyamata wofatsa wa mawu ochepa, kudzakonza firiji ya mankhwala pa sitolo paja. Firijiyo inayamba kuwonongeka pafupipafupi modabwitsa. A Kiem anamukonda Tuyen chifukwa anali munthu woyamba kumvetsera nkhani ya bwanamkubwa mpaka kumapeto osayang'ana pa foni. Mbale zofiira za chinkhoswe zinabwera, wopenda masiku anasankha tsiku labwino, holo inapezeka, ndipo Mien anayamba kuimba posamba, chinthu chimene anasiya ali ku pulayimale.

Ukwati utayandikira, mayi a Tuyen, mayi Gam, anaitana asewere awo ku chikumbutso cha imfa ya agogo a malemu amuna awo. Mayi Gam ankagulitsa nsomba zouma kumsika, ndipo mawu awo anali oti akanong'oneza kuno amamveka kutsidya kwa msewu. Mayi Lua anachenjezeratu amuna awo: “Kagalasi kaja katsale. Tikupita kukadya, osati kukafufuza.” A Kiem anavomera ndi mtima wonse, n'kukabisa mu sokosi.

Atafika analandira lubani, anaima patsogolo pa guwa la akwa Lai, anawerama bwinobwino. Akanangochokapo bwenzi nkhani ino kulibe. Koma podzuka maso awo anagwera pa bondo la mkulu wa m'felemu. Anaweramanso, anthu n'kumati koma asewere awa ndi aulemu, pamene iwo akusolola kagalasi mu sokosi. Mkanjo wa silika. Mpando wosema. Tipoti ya maluwa, mlomo wobenthuka pomwe paja. Ndipo pa bondo, kachala kokhota ngati mbedza.

Tsiku limenelo a Kiem sanadye. Mayi Gam anawaikira ntchafu ya nkhuku ndi mpunga womata, iwo ali ndwii kuyang'ana dzanja la Tuyen. Zala za mnyamatayo zinali zowongoka zonse, koma zimenezo sizinawatonthoze. Magazi amatha kudumpha m'badwo.

Atafika kunyumba anakhazika pansi akazi awo ndi mwana wawo.

“Mien, mwana wanga, limba mtima. Tuyen ndi mlongo wako.”

Mien anaphulika kuseka. Anaseka mpaka anaona kuti bambo ake sakuseka nawo.

“Agogo anga ndi agogo a bambo a Tuyen anali munthu ndi mng'ono wake,” anatero a Kiem. “Chala n'chimodzi. Tipoti ndi imodzi, ya m'nyumba mwa bambo awo. Anajambulitsa pa mpando umodzi.”

“Ababa, iwo ndi akwa Lai, ife ndife akwa Doan.”

“Chaka cha njala anthu ankapereka ana kwa eni mpunga, mwana n'kutenga dzina la komwe wadya. Dzina limasintha, chala sichisintha. Ana a mtundu umodzi sakwatirana, ngakhale papite mibadwo ingati. Ine sindingaime pa guwa apo n'kuuza agogo kuti ndikupereka mdzukulu wawo kwa mdzukulu wa mng'ono wawo.”

“Inu abambo inu,” anatero mayi Lua, “mwana wadikira zaka zonsezi, mukufuna mumuphere banja chifukwa cha chitseko cha basi?”

Koma Mien sanakalipe, ndipo n'zimene zinawawawa kwambiri a Kiem. Anangofunsa motsitsa mawu kuti, “Ndiye simudzayatsa lubani tsiku langa?” Aliyense amadziwa kuti mtsikana satuluka m'nyumba ya kwawo bambo ake asanamutsanzikire kwa makolo, ndipo Mien sanali mwana woti n'kuthawira ku boma kukasainitsa ukwati mwakabisira. Bambo ake akakana, ukwati wafa. A Kiem anayang'ana pansi n'kuti sangathe. Mien anadzuka, anatsuka makapu a tiyi onse ngakhale amene anali oyera, n'kulowa kuchipinda kwake.

Mtima wa a Kiem unagawika pawiri. Mbali ina inkalira. Mbali ina, tinene zoona, inkavina, chifukwa mtengo wa pa khoma uja unali utapeza nthambi. Anadziuza kuti afufuze bwino, mwina apeza kuti alakwitsa. Zithunzi za pa guwa sizilowa m'zitini za mabisiketi, choncho anali asanazionepo za anthu ena. Anavala malaya oyera, anagula mtolo wa lubani, n'kuyamba kuyenda khomo ndi khomo kupempha kuti apereke ulemu kwa makolo a eni nyumba. Ndani angakane mlendo wotere?

Kwa mayi wogulitsa msuzi wa pho pa siteshoni anakapeza kachala kaja. Kwa wometa tsitsi, kachala. Kwa banja lina la Akatolika kumbuyo kwa tchalitchi, pakati pa makandulo ndi kolona, kachala ndi tipoti yomwe. Choopsa kwambiri, anakapeza kwa a Bong, oyandikana nawo nyumba, amene anakhala akutukwanizana nawo za ngalande ya madzi oipa kuyambira Mien ali kumbuyo. A Kiem anatuluka m'nyumbamo misozi ili lengelenge, n'kuwagwira a Bong mapewa onse awiri.

“Achimwene! Ngalande ija idutse pomwe mukufuna.”

A Bong sanafunse zambiri. Madzulo omwewo anabwera kudzabwereka makwerero kwa mng'ono wawo watsopano.

Mtengo wa pa khoma unakula mochititsa mantha. Nthambi zinadutsa pamwamba pa chitseko, zinazungulira kalendala, zinalowa kukhitchini mpaka dzina la wometa tsitsi linakakhala pamwamba pa botolo la msuzi wa nsomba. Mayi Lua anaima pakati pa nyumba manja ali m'chiuno.

“Ndifunse nawo. Bambo a agogo anuwo, ana onsewa, ankalima nthawi yanji?”

“Anali munthu wamphamvu.”

“Nanga onsewa tipoti imodzi? Banja la mlangizi wa bwanamkubwa kulephera kugula tipoti yachiwiri?”

“Ankabwerekana. Linali banja logwirizana, osati za masiku ano.”

Ankayankha choncho, koma chakudya chinali chitasiya kutsika. Mien ankachoka m'mawa osadya, n'kubwera atadyera kuntchito. Ankawapatsa moni bambo ake monga mwa nthawi zonse, ankawaikira mankhwala awo a magazi pa thebulo, koma kubafa kunali zii. Tuyen, mwana wa ulemu wopitirira muyeso, anabwera kudzafunsa ngati tsopano azinena kuti bambo kapena bambo aang'ono, ndipo Mien atamva zimenezo analira koyamba. A Kiem anamumva ali pabalaza, choko chili m'manja, ndipo anadzida. Anali atapeza abale tauni yonse, koma mwana wawo mmodzi yekhayo ankamutaya akuona.

Amene anatopa nazo poyamba ndi mayi Gam. Tsiku lina masana, dzuwa likuswa mtengo, njinga yamoto inaima pakhomo. Tuyen ankayendetsa, kumbuyo kuli mayi ake atakumbatira chinthu chokulungidwa mu nsalu yofiira.

“Odi kuno, asewere! Kaya ndiziti alamu, kaya ndiziti chiyani, mundiuza ndinu!” Anthu a nyumba zoyandikana anatulukira m'mawindo. “Ndawapepesa agogowa m'mawa wonse kuti ndiwakweze njinga pa ukalamba wawo. Tsitsani anuwo. Akumane maso ndi maso, atiuze okha ngati akudziwana. Ine nkhumba ya ukwati ndinaitanitsa kale, ikungonenepa.”

A Kiem anayatsa lubani, anapepesa, n'kutsitsa agogo awo. Anagoneka zithunzi ziwirizo pa thebulo moyandikana. Mayi Lua anabweretsa tiyi, Mien anaima pakhomo la kuchipinda manja atapinda, ndipo Tuyen, poona kuti akuluakulu akutuluka thukuta, anayatsa fani ija imatembenuza mutu uku ndi uku.

“Galasi likuthobwa m'maso,” anatero a Kiem. “Tiwatulutse m'mafelemu.”

“Muwavule agogo?” anadabwa mayi Gam.

“Pang'ono pokha, asewere. Ndi kafukufuku.”

Anawongola timisomali ta kumbuyo ndi manja a mmisiri, anachotsa magalasi, n'kuwagoneka akuluakulu awiriwo pamtunda kwa nthawi yoyamba chiwaikireni m'mafelemu. Anatsomeka kagalasi pa diso n'kuwerama pa kachala koyamba. “Taonani apa, asewere. Tsopano taonani apa.” Nthawi yomweyo fani inamaliza ulendo wake wa kukhoma n'kubwerera ku thebulo.

Mutu wa mkulu mmodzi unagwedera ngati akuvomereza. Kenako unanyamuka. Wa mnzake unatsatira. Mitu iwiri inauluka pabalaza ngati agulugufe, inazungulirana m'mwamba, umodzi n'kukatera m'mbale ya mtedza, wina n'kulowa pansi pa kabati.

“Mayo ine!” anakuwa mayi Gam. “Mwawadula mutu agogo!”

Tuyen anadumphira fani n'kuizula ku magetsi. Mayi Lua anaponda mchira wa mphaka amene anali atayamba kale kulondola za pansi pa kabati. Pa thebulo panali anthu awiri opanda mitu, atakhala tsonga mwaulemu wonse, ndipo popanda nkhope zosokoneza, ngakhale mwana akanaona. Sanali munthu ndi mng'ono wake. Anali munthu mmodzi, chithunzi chimodzi chotsukidwa kawiri, khwinya lililonse la mkanjo pamalo pake. Pamwamba pa kolala panali kadanga koyera ndi zipsera za guluu wouma.

Tuyen anatulutsa mutu wa pansi pa kabati ndi ndodo ya tsache, anaupukuta fumbi ndi malaya ake, n'kuuika pa sosala pamodzi ndi wa mu mtedza uja. Tinali timitu tating'ono todulidwa ndi sizasi. M'mphepete mwa kalikonse munkaoneka kachidutswa ka chidindo cha chiphaso, ndi pakhosi kansalu kokhakhala ka malaya a kumunda kamene kolala ya silika inkabisa.

Panalibe chofunsa. Kale kunkayenda ojambula m'midzi ndi matupi okonzeratu m'chikwama. Munthu akamwalira osasiya chithunzi china koma cha pa chiphaso, ana ake ankadzimana n'kumugulira thupi la bwana, kuti akakhale pa guwa atavala bwino kamodzi kokha. Tauni yonse inagula kwa wojambula mmodzi. Kachala kaja kanali ka munthu wosadziwika, mwina mlamu wake wa wojambulayo, amene wakhala akudya nkhuku za nsembe pa maguwa a nyumba zambirimbiri popanda womudziwa dzina.

Mayi Gam ndi amene anayamba kuseka. Anaseka mpaka anakhala pansi, akumenya simenti ndi chikhatho. “Zaka zonsezi ndakhala ndikuwaphikira tiyi wabwino poopa kuti anazolowera za tipoti ya maluwa!” Mayi Lua anaseka chogwira khoma, choko n'kuwadetsa msana wonse.

A Kiem sanaseke. Bwanamkubwa anali atapita, mlangizi anali atapita, a Bong anabwerera kukhala a Bong. Chotsala chinali mlimi wosauka amene anajambulidwa kamodzi moyo wake wonse, ndi mwana wake wosakamba zakale uja amene anamugulira mkanjo wa pepala n'kusunga chinsinsi mpaka kumanda. Manyazi anawagwira, komanso chisoni cha bambo awo chinawabwerera mwatsopano.

“Chabwino,” anatero mayi Gam akupukuta misozi. “Nkhumba yapulumuka ku ukalamba. Tsopano ndipatseni agogo anga ndizipita. Anga ndi ati?”

Onse anayang'ana pa sosala. Timitu tiwiri ta akuluakulu owonda, ometa mpala, totuwa mofanana.

“Si inu mukuwadziwa, asewere?” anafunsa mayi Lua.

“Ine? Ine ndinakwatiwa m'banjamo n'kungofikira kuwerama. Mapazi awo ndiye ndikuwadziwa bwino. Tuyen, agogo ako ndi ati?”

Tuyen anakanda m'mutu n'kunena kuti onse awiri akuoneka anthu abwino.

“Musadandaule, tili ndi katswiri,” anatero mayi Gam. “Asewere, tiuzeni. Anu ndi ati?”

A Kiem anatsomeka kagalasi. Anawerama pa kamutu koyamba, n'kuona timadontho totuwa. Anapita pa kachiwiri, timadontho. Anayesa makutu, koma sizasi ya wojambula inali itadya theka la khutu lililonse. Munthu amene anapezera anthu abale ku Hai Phong, amene ankadziwa maluwa onse a pa tipoti ndi mabatani onse a mkanjo, anazindikira kuti nkhope ya agogo ake sanaiyang'anepo. Chinthu chokhacho chimene chinali chawochawo pa chithunzi chonsecho ndi chimene anachidumpha. Ndipo kumata mutu wolakwika si nkhani yamasewera: ndiye kuti mpaka kalekale akwa Doan azidyetsa mlendo, agogo awo akudya kwa eni.

“Ndi... mwina...” Chala chawo chinkayendayenda pamwamba pa sosala.

Mien anachoka pakhomo paja. Sanawerame n'komwe. Anatola kamutu kamene kanagwera mu mtedza, anakauzira mchere, anatenga dzanja la bambo ake n'kukaika pachikhatho.

“Athu ndi awa.”

“Wadziwa bwanji?” anafunsa a Kiem. “Khutu? Chipumi?”

“Ababa, ndi nkhope yanu. Ndi mmene mumaonekera mukalakwa koma simukufuna kupepesa. Ndakhala ndikuiona moyo wanga wonse.”

Mayi Lua anasuzumira, n'kugwira pakamwa. Mayi Gam anayang'ana kamutu, anayang'ana a Kiem, n'kuti, “Eee, koma ndi yomweyo. Mlomo wam'munsiwo.” A Kiem anafuna kutsutsa, koma anamva mlomo wawo wam'munsi ukutuluka wokha. Anaubweza msanga.

“Mwana wanga,” anatero, “ndinalakwa. Pepa.”

Mayi Lua anakhala pansi. Anati m'banja lawo lonse mawu amenewo anali asanawamvepo, ndipo anapempha Tuyen ayatsenso fani, koma ailozetse kukhoma.

Mitu anaimata tsiku lomwelo ndi phala la mpunga, uliwonse pa thupi lake, kapena pa thupi la mnzake, poti zinalibenso kanthu. Panali maganizo oti agogo awapezere thupi lina ku studiyo za makono, la suti ndi tayi, koma a Kiem anakana. Anati mkanjowo anawagulira ndi mwana wawo, ndipo mphatso ya mwana sitivula munthu. Khoma analitsuka okha ndi chisanza, kuyambira kukhitchini.

Chimene sanathe kutsuka ndi chibale chimene anafalitsa m'tauni. Tsiku la ukwati a Bong anabwera ndi banja lonse, n'kukhala pa thebulo la abale. Wometa tsitsi anabwera, mayi wa pho anabwera ndi alongo ake, Akatolika aja anabwera ndi kwaya. A Kiem atayesa kufotokoza za guluu, a Bong anawagwira paphewa n'kuti, “Mng'ono wanga, zimenezo tikambirana tikadya.” Nkhumba ya mayi Gam inatha mafupa omwe.

Koma zimenezo zinali masana ku holo. M'mawa mwake, akuchimuna atafika kudzatenga mkwatibwi, nyumba inadzaza mpaka pakhonde. Mien anatuluka atavala zofiira, Tuyen ali pambali pake akutuluka thukuta mu suti yobwereka. A Kiem anaima patsogolo pa guwa ndi lubani woyaka m'manja. Anali atakonzekera mawu ataliatali, a mibadwo ndi nthambi ndi mizu, ndipo anawayeserera kubafa mpaka mayi Lua anagogoda. Anakweza maso n'kuyang'ana mkulu uja kumaso, mkuluyo n'kuwayang'ananso, ndipo mawu onse anathawa.

“Agogo,” anatero, “mwana akupita.”

Anangoima pomwepo, phulusa la lubani likugwera pa nsapato, misozi ikutsika osaibisa, anthu onse akudikira. Mien anasendera pafupi, nayenso maso ali ofiira, anasolola kampango mu mkono wa diresi n'kuwapatsira m'munsi anthu asakuona.

“Ababa, minani,” ananong'oneza. “Akutijambula.”